Mfundo ya pa Mpando Wautali

Bina Beenzu sanalire atamva kuti mwana wawo wagona m'chitokosi. Anatseka kaofesi kawo ka padoko, anamangitsa chitenje, n'kukwera mtunda wa Siavonga wapansi mpaka kupolisi, dzuwa la Okutobala likuwathyapa pamsana. Kulira anasiyira oyandikana nawo, amene anali ndi nthawi.

Maboti awo anali awiri, onse othamanga, onyamula alendo okawedza mcheni ndi okaona zilumba. Chigulireni loyamba malemu amuna awo, Ba Siankondo, panalibe mlendo amene anabwerako kunyanja ndi bala loposa kulumidwa ndi nsomba. Dzulo lake Beenzu, mwana wawo wamkazi yekhayo, amenenso anali woyendetsa, anafika padoko ndi mtembo.

Insipekita Kaumba anaimirira powaona. Anali munthu wodekha, ndipo ankawadziwa.

"Baama, khalani."

"Ndakhala kale kunyumba. Mwana wanga mwamutsekeranji?"

"Munthu wafera m'boti lanu. Ba Lubinda, mphunzitsi wamkulu wopuma ntchito, wa ku Mongu. M'botimo munali anthu atatu: malemuwo, mwana wanu, ndi mnzawo wa malemu, Ba Hamweene, mwini ng'ombe wa ku Monze. Ba Hamweene akuti mpando wautali wakumbuyo uja unali chiimire kuyambira m'mawa. Akuti malemu anakhalapo Beenzu akuona, iye n'kuthamangitsa boti pakati pa mitengo youma ya m'nyanja. Atakhota mwadzidzidzi, mpando unazuka, munthu anamenyetsa mutu pamtengo."

"Bodza."

"Mwina ndi bodza. Koma ndi mawu a munthu amene analipo."

Mpando wautali ndi wozungulira uja, wokhala pamzati wachitsulo, umene mlendo amakhalapo powedza boti litaima. Ulibe pogwira. Ba Siankondo anasiya lamulo limodzi lokha losakambirana: injini ikalira, mpando pansi. Woyendetsa amauzula pamzati, amaugoneka chafufumimba kumbuyo, n'kuumangirira ndi chingwe chofiira ku mphete yachitsulo ya pansi pa boti. Maboti a anthu ena ankayenda alendo ali pamwamba ngati akhwangwala padenga. A Bina Beenzu ayi, ndipo doko lonse linkadziwa.

"Beenzu akuti anaumanga ndi chingwe chofiira," anatero Kaumba. "Boti lili kuseri kuno. Tiyeni muone nokha."

Linali pangolo yake pansi pa mtengo wa mango. Bina Beenzu anakwera osafuna kugwiridwa dzanja. Mzati unali pamalo pake. Chipini chokhomera mpando kuti usazuke chinkalendewera pa kawaya kake. Magazi anali ataumira pabenchi yakumbuyo. Anagwada, anafufuza pansi pa benchi, anatsegula mabokosi onse.

Mphete inali yopanda kanthu.

"Chingwe chili kuti, baama?" anafunsa Kaumba mofatsa. "Lachinayi mwanayu apita kukhoti. Mukandibweretsera chinthu chogwirika lisanafike tsikulo, ndidzachiyang'ana ndi maso onse awiri."

* * *

Beenzu anali atakhala pasimenti, miyendo yotambasula, malaya ake akuntchito ataumira pathupi. Anatengera atate ake: mapewa aakulu, mawu ochepa.

"Wadya?"

"Ayi, baama."

"Idya. Uzindiuza uku ukudya."

Anatsegula mbale ya mbatata ndi tinsomba ta kapenta n'kumukankhira.

"Tinamaliza kuwedza kuseri kwa chilumba," anatero Beenzu. "Ndinazula mpando, ndinaugoneka, ndinamanga. Ndinawauza akhale pabenchi. Majekete oyandamitsa onse anavala, ndinaona. Kenako tinalowa m'mitengo."

"Liwiro?"

"La munthu woyenda pansi. Madzi atsika chaka chino, zitsa zili pafupi. Maso anga anali kutsogolo."

"Kumbuyo kunkamveka chiyani?"

"Kuseka. Kuimba. Wina ankaomba bokosi la ayezi ngati ng'oma. Chifikireni Loweruka anthu aja sanasiye kuseka, ndiye sindinadabwe. Kenako ndinamva phu, m'madzi khuvu. Ndinazimitsa injini. Ba Lubinda ankayandama chafufumimba, madzi afiira. Ndinadumpha."

Bina Beenzu anasiya kupinda nsalu imene anakutira mbale.

"Unadumpha. M'mitengo muja."

"Nanga ndikanatani?"

Malo aja ng'ona zimaothera dzuwa pachitsa chilichonse. Amuna amene amadzitama padoko sangaviike ngakhale chala. Bina Beenzu anamuyang'ana mwana wawo nthawi yaitali, koma anangoti, "Pitiriza."

"Ba Hamweene anandithandiza kuwakweza. Anali akupumabe. Ndinatuluka m'mitengo, ndinatsegula injini yonse mpaka kuno. Anatsirizika tikuona doko."

"Pothamangapo Ba Hamweene anali kuti?"

"Kumbuyo ndi mnzawo."

"Mpando?"

"Unapita ndi madzi. Sindinauganizire." Beenzu anaika mbatata pansi. "Baama, sindinacheuke. Ndinamva akuseka, sindinacheuke."

"Wocheuka m'mitengo muja amaboola boti n'kumiza onse. Atate ako anakuphunzitsa chomwecho, ndipo sanalakwe. Maliza chakudyacho. Sindikufuna kubwerera ndi mbale yolemera."

* * *

Bina Beenzu anapeza Ba Hamweene pakhonde la nyumba ya alendo. Anali bambo wamkulu thupi, chipewa chachikopa chili pabondo, maso ofiira. Chisoni chake sichinali chonamizira. Bina Beenzu anaika maliro ambiri, ankadziwa kusiyanitsa. Bamboyo ankasema kamtengo ndi mpeni wopinda wa chigwiriro chachikasu, tizidutswa titadzaza pansapato.

"Pepani ndi zovutazi, taata."

"Zachitika, baama. Zachitika." Mawu ake anali olemera, ochedwa. "Munthu uja tinakumana kusukulu tili anyamata. Paukwati wanga analipo. Ana anga anawaphunzitsa ndi iye. Mkazi wake ali m'njira, afika mawa. Ndimuuza chiyani?"

"Mumuuza zimene munaona."

"Ndanena kale kupolisi."

"Ndiuzeni inenso. Boti ndi langa."

Anabwereza zomwe zija, osawayang'ana. Mpando unali chiimire. Mnzake anakwerapo. Mtsikana anathamangitsa.

"Ine sindikumuda mwana wanu," anawonjezera. "Ndi mwana. Ana amakonda liwiro. Ndikauza akhoti amuchitire chifundo."

"Mwana wanga safuna chifundo chanu. Chingwe chofiira munachiona?"

"Chingwe chanji? Ine zamaboti sindizidziwa, baama. Ndine munthu wakukhola."

"Inu munakhala pati?"

"Pabenchi."

"Wakhala pabenchi, boti likuuluka pakati pa mitengo, mnzako ali pamwamba pa mzati, iwe n'kumaimba ng'oma?"

Mpeni unaima. Kenako unayambanso kusema, mofulumira kuposa poyamba.

"Ng'oma yanji?"

"Ndangofunsa. Tsalani bwino, taata."

Potsika masitepe anacheuka. Kamtengo kaja kanali katatha, koma bamboyo ankasemabe chotsalira pafupi ndi chala chake.

* * *

Bina Luyando ankagulitsa zakumwa ndi nsomba zokazinga pakhomo la doko. Nkhani imene sanaimve iye ndiye kuti sinachitike.

"Mayo ine, Bina Beenzu, khalani apa, ndakhala ndikukudikirani, pakamwa pachita kuyabwa. Mwanayo ali bwanji? Amudyetsa? Ine ndinanena kale, anthu awiri aja adzapwetekana ndi nthabwala."

"Nthabwala zanji?"

"Zachisuweni, nanga Mlozi ndi Mtonga angakhale pamodzi osanyozana? Loweruka anakhala pabenchi pomwe mwakhalapo. Malemu akuti, 'Inu Atonga madzi mumawaonera m'kapu. Chimene mumadziwa ndi kununkhiza michira ya ng'ombe. Ife timabadwira m'bwato.' Winayo akuti, 'Mfumu yanji iwe yopanda mpando? Kwanu madzi akabwera mumathawa ndi ng'oma, n'kumati ndi mwambo.' Ndinaseka mpaka nsomba zinapserera."

"Za mpando wa m'boti ananenapo?"

"Ndikubwera komweko, musandithamangitse. Ba Hamweene anapempha Beenzu kuti pobwerera amfumu akhale pamwamba, anthu apadoko awaombere m'manja. Beenzu anati ayi. Anamulonjeza ya sopo, anati ayi. Ndiye bamboyo akuti kwa mnzake, 'Usadandaule, kapolo wanga, mawa ndikukhazika ndekha.' Malemu akuti, 'Kapolo ndiwe, undinyamulenso kumsana.'"

"Malemu akanatha kumasula mpando okha?"

"Ndi dzanja liti? Simunamve? Mcheni unawaluma Loweruka lomwelo pochotsa mbedza, zala zitatu za kumanja. Kuchipatala anawakulunga bandeji ngati mutu wa mwana. Botolo ndinawatsegulira ine. Nsomba anawadulira ndi Ba Hamweene, ndi kampeni kawo kachikasu kaja, akuti, 'Taonani, ndikudyetsa Mlozi ngati khanda.'"

Bina Beenzu anaimirira.

"Zonsezi ukanene kwa Kaumba."

"Ndikanena, ndikawonjezeranso."

"Usawonjezere. Mawu okha samutulutsa mwana wanga. Chikanapezeka chingwe, kapena mpando."

"Mpando? Wabuluu uja?" Bina Luyando anaombetsa manja. "Bwanji osanena? M'mawa uno maboti a kapenta akubwerera, ndaona Siamaili, msodzi uja, wadutsa apa atakhala pa chinthu chabuluu, mwendo pamwamba pa unzake, ngati bwana wa kubanki."

* * *

Bina Beenzu anatenga boti lachiwiri n'kuyendetsa okha. Anali atasiya kuyendetsa maondo atayamba kuvuta, koma manja sanaiwale. Anadutsa m'mphepete mwa mitengo youma ija, nthambi zotuwa zili zoo pamwamba pa madzi. Alendo amaijambula. Kwa Bina Beenzu inali mitengo ya tsanya ya kumunda kwa agogo awo, nyanja isanakwere n'kusamutsa mudzi. Amayi awo ankatha kuloza umene ankamangirirapo mbuzi.

Siamaili anamupeza pagombe la asodzi, pakati pa matandala oyanikapo kapenta. Anali wowonda, wa dzino limodzi kutsogolo, fungo la mowa wadzulo likumutsogolera. Mpando anali atauika pakreti ya mabotolo pansi pa mthunzi, iye ali pompo.

"Bina Beenzu afika ndi ulemerero wawo. Mukufuna kapenta wa ndowa kapena wa thumba?"

"Ndikufuna chimene wakhalirapo."

"Ichi? Ichi nyanja yandipatsa. Chimene nyanja yapereka munthu salanda. Chaka chatha inandipatsa nsapato imodzi, ndikudikira inzake."

"Unaupeza kuti?"

"Unakodwa m'mitengo. Dzulo masana tinamangirira chombo chathu konko, tikukonza ukonde."

"Boti langa unaliona?"

"Ndinaliona likulowa."

"Linkathamanga?"

Siamaili anaseka mpaka kutsokomola.

"Lija? Linkayenda ngati gogo wopita kumgonero. Ndinauza anzanga kuti mwana wa Siankondo akuwerenga zitsa chimodzichimodzi. Kumbuyo madoda awiri, phokoso ngati ukwati. Mmodzi anawerama, akulimbana ndi chinthu pansi. Kenako mitengo inawabisa. Ndinangomva ng'oma, wina akufuula kuti amfumu akudutsa, gwadani. Ine ndinagwada, nanga ndidziwa bwanji?"

"Bwanji sunapite kupolisi?"

"Ine ndi apolisi timalemekezana patali."

"Dzuka."

"Baama, msana wanga unayamba kuchira."

"Dzuka, Siamaili, ndisanakudzutse."

Anadzuka. Bina Beenzu anazungulira kuseri kwa mpando, manja ali kumbuyo kuti asaukhudze. Pachitsulo cholumikiza chotsamira ndi pokhalira panali kachidutswa ka chingwe chofiira. Mbali ina kanali kodulidwa bwinobwino, kamodzi kokha, ndi mpeni wakuthwa. Pakati pake panali mfundo, yomangika, yolimba, mchira wake ukulendewera.

Anaidziwa ngati nkhope ya mwana wawo. Inali mfundo ya Ba Siankondo.

"Ichi wachigwira?"

"Ndimati ndichidule, chikundikanda."

"Ukachidula ndikudula dzino latsalalo. Nyamula mpandowu, ukwere m'boti. Ukanena kwa Kaumba zonse wandiuzazi."

"Nanga msana wanga?"

"Kuofesi kuli mpando wakale wa malemu. Ukatenge umenewo."

"Wozungulira?"

"Wozungulira."

"Wamisala anaona nkhondo," anatero Siamaili, akusenza mpando pamutu. "Lero apolisi amva zoona kuchokera kwa chidakwa."

* * *

Kaumba anayang'ana mfundoyo mbali zonse, anamvetsera Siamaili, anamvetsera Bina Luyando mpaka anachita kumudula.

"Izi zikusonyeza kuti mpando unamangidwa, wina n'kudula chingwe," anatero. "Malemu sakanatha ndi dzanja lija, ndavomera. Koma Ba Hamweene akhoza kunena kuti anadula ndi Beenzu mwini, m'mawa, mfundo itamukanika."

"Itamukanika Beenzu?" Bina Beenzu anatsala pang'ono kuseka. "Aitaneni bamboyo mawa m'mawa. Mutulutsenso mwana wanga pang'ono. Ine ndibwera ndi mpando wa boti linalo ndi chingwe chake. Wabuluuwu muubise kaye."

Kutacha anakumana pansi pa mango paja. Beenzu anatuluka ndi wapolisi wamkazi, akuphethira ndi kuwala. Amayi ake sanamupatse moni wautali. Anamupatsa chingwe.

"Manga mmene umamangira."

Beenzu anakwera m'boti, anagoneka mpando, anapisa chingwe mumphete, anazunguliza pachitsulo. Zala zinachita zinthu ziwiri zitatu zimene diso silinatsatire, basi watha. Anagwedeza mpando. Sunasunthe.

Ba Hamweene anafika atavala jekete lakuda, pokonzekera kulandira mkazi wa malemu. Ataona Beenzu anayang'ana kumbali.

"Taata," anatero Kaumba, "ndikufuna ndione mmene mpando unaimira tsiku lija, ndi mmene malemu anakhalira. Kwerani, muumasule, muuike pamzati mmene munauonera."

"Ine zamaboti sindizidziwa."

"Ndi chingwe chabe," anatero Bina Beenzu. "Munthu wakukhola angalephere chingwe?"

Mawu amenewo anamulasa. Anavula jekete, anakwera, anagwada. Anagwira mfundo pamimba pake, pamene munthu aliyense wozolowera zingwe za ng'ombe amagwira, n'kukoka chokhota chachikulu. Mfundo inalimba. Anakokanso. Inalimbiratu. Analowetsa chikhadabo, chinathyoka. Thukuta linayamba kudontha pachibwano. Siamaili, amene anali atatsamira mpanda, anati, "Limbani, a ku Monze, ng'ombe ikuthawa." Bina Luyando anaseka.

Ba Hamweene anatukwana chapansipansi. Dzanja lake linapita lokha m'thumba la buluku, monga limapitira kukhola chingwe chikakana. Mpeni wachikasu unatuluka. Chala chachikulu chinali chitautsegula theka pamene anazindikira kuti maso onse pabwalopo ali padzanja lakelo.

Anakhala chigwadire, mpeni m'manja.

"Beenzu," anatero Bina Beenzu.

Beenzu anawerama, anagwira kamchira ka chingwe ndi zala ziwiri, n'kukoka pang'ono ngati akuchotsa ulusi pamalaya. Mfundo yonse inagwa.

"Amuna anga anaipanga chomwecho dala," anatero Bina Beenzu. "Mafunde akaikoka imalimba. Mlendo wosamva akaikoka imalimba. Woyendetsa amamasula ndi dzanja limodzi, linalo lili pachiwongolero. Padoko lino palibe mwana amene angaidule. Amadula ndi mlendo."

Kaumba anakodola wapolisi, amene anabweretsa mpando wabuluu uja n'kuuika pangolo, kachingwe kofiira kakuyang'ana Ba Hamweene.

Bamboyo anauyang'ana. Anapinda mpeni pang'onopang'ono, anauika pabenchi, pafupi ndi magazi ouma aja, n'kukhala pansi m'boti ngati thumba la chimanga.

"Ndinkafuna ndimuseke komaliza tisanapite kwathu," anatero. Mawu anali atasasa. "Mtsikanayu maso anali kutsogolo. Ndinati amfumu akwere pampando wawo. Chingwe chinakana, ndinadula. Ndinauveka pamzati. Iye anakwera akuseka, dzanja labandeji lili m'mwamba ngati akudalitsa anthu. Ndinamuimbira bokosi. Kenako ndinati amfumu aone dziko lawo lonse, n'kuuzunguza." Anapukuta kumaso ndi chipewa. "Ndinauzunguza mwamphamvu. Chipini sindinkachidziwa. Mpando unangonyamuka naye."

"Chingwe chotsala pamphete?" anafunsa Kaumba.

"Ndinachidula n'kuchiponya m'madzi."

"Liti?"



"Tikuthamangira kudoko."

"Mwana wanga akuthamangitsa boti kuti mnzanu afike kuchipatala ali moyo," anatero Bina Beenzu, "zovala zikudontha madzi a ng'ona, inu kumbuyo kwake mukumukumbira dzenje."

"Baama, ndinaopa. Pamaliro a Mlozi ndife Atonga timakumba manda. Ndife timaseketsa ofedwa, kuwapaka ufa, kunyoza malemu kuti wathawa ntchito. Ine ndimayenera kutsogolera zimenezo. Ndikaima bwanji pamaso pa mkazi wake, anthu akudziwa kuti nthabwala yanga ndiyo yamupha?"

"Mukananena zoona tsiku lomwelo, anthu akanati chitsiru chapha mnzake mosafuna, akanalira nanu. Ine ndemwe ndikanakuphikirani tiyi. Mwasankha kuti mwana wa mnzanu akawole m'ndende kuti inu mukaseke bwino pamanda."

Ba Hamweene anayang'ana Beenzu koyamba.

"Mwanawe, ndikhululukire."

Beenzu anali akukulunga chingwe pachigongono. Anamaliza kaye.

"Mukawauze amayi aja kuti amuna awo sanafe okha," anatero. "Ndinawagwira mutu mpaka m'boti. Zinazo mukanene nokha."

Galimoto inaima pageti. Munatsika mayi wovala zakuda, atagwiridwa mikono ndi atsikana awiri. Kaumba anatola mpeni uja ndi kansalu.

"Tsikani, taata," anatero. "Muyamba ndi iwo, kenako ine."

* * *

Beenzu anamutulutsa masana. Panali njira yachidule yotsikira kunyumba, koma Bina Beenzu sanaifune. Anadzera pamsika, pakati penipeni, mwana wawo ali patsogolo, iwo pambuyo ndi mbale yopanda kanthu. Anayenda pang'onopang'ono ngakhale maondo sankapweteka tsiku limenelo. Amayi ogulitsa tomato amene dzana ankanong'onezana kuti ntchito ya amuna yamupweteka mtsikana, lero ankafunsa ngati n'zoona kuti anadumphira ng'ona.

"Mufunseni yekha," ankayankha Bina Beenzu. "Pakamwa ali napo."

Atafika padoko, oyendetsa maboti a anthu ena anali pamthunzi. Mmodzi anadzuka mwakachetechete, anapita kuboti lake, n'kuzula mpando wautali umene unkangokhala chiimire chaka chonse.

"Baama," anatero Beenzu, "ndikufuna galasi pachiwongolero. Ngati la galimoto. Ndiziona kumbuyo osacheuka."

"Ugule awiri, boti lililonse lake."

"Ena akuti tiike tcheni ndi loko m'malo mwa chingwe."

"Iwe ukuti bwanji?"

"Loko amachita dzimbiri. Mfundo ya bataata ikhale."

Bina Beenzu anatsikira m'boti lachiwiri, limene mpando ndi chingwe chake zinali zitabwezedwa kale, anavala jekete loyandamitsa, anamanga malamba onse, n'kukhala pabenchi yapansi, chikwama pamiyendo, ngati mlendo wolipira.

"Mukupita kuti, baama?"

"Kulikonse. Goneka mpandowo, umange, ulize injini."

"Ndatopa. Sindinasambe chilowereni muja."

"Ukasamba tikabwerako. Udutse pafupi ndi doko lonse, kuyambira kwa Bina Luyando mpaka kwa asodzi. Usathamange."

Beenzu anagoneka mpando, anamanga mfundo, anaigwedeza. Anaima pachiwongolero, anayang'ana kumbuyo kamodzi, kwa amayi ake.

"Maso kutsogolo," anatero Bina Beenzu. "Kumbuyo kuno kuli ine. Yendetsa, anthu akuone."